Musanatsegule pakamwa, yang'anani pakhoma

Dzino likamapweteka munthu saganiza za malamulo. Amene lidamuchezetsapo usiku wonse akudziwa zomwe ndikunena: umangofuna aliyense wovala koti yoyera alichotse, zinazo tidzakamba bwino. Nthawi ngati imeneyo ndi yomwe munthu amasaina fomu osaiwerenga, kulipira osapempha risiti, n'kutsegulira pakamwa munthu yemwe sakumudziwa n'komwe ngati adapitako kusukulu ya ntchitoyo.

Sabata ino tikambirane za malamulo omwe kiliniki ya mano imayenera kutsata. Musathawe, nkhaniyi si ya maloya okha. Ena mwa inu ndinu odwala, kapena ndinu amene mumaperekeza mayi ndi ana a achemwali kuchipatala chifukwa pakhomopo "wodziwa Chingerezi" ndi inu. Ena mukugwira ntchito pa kiliniki, kulandira anthu kapena kuthandizira dokotala. Enanso muli kusukulu ya za mano ndipo mukulota zodzatsegula kakiliniki kanu ku Area 25 kapena ku Chirimba. Nonsenu ndikukuuzani chinthu chimodzi: mapepala ooneka otayitsa nthawi aja, chiphaso cha pakhoma, fomu yosaina, fayilo ya wodwala, kabuku ka makina ophikira zida, ndi omwe amateteza wodwala lero, n'kudzapulumutsa dokotala mawa zinthu zikavuta.

Kwathu kuno nkhaniyi ndi yolemera chifukwa akatswiri a mano ndi ochepa. Chisanafike chaka cha 2019, Mmalawi wofuna digiri ya udokotala wa mano ankayenera kukaphunzira kunja, ndipo nthawi imeneyo madokotala a mano m'dziko lonse sankafika ngakhale 50. M'chaka chimenecho ndi momwe maphunzirowa adayamba ku College of Medicine ku Blantyre, yomwe lero ndi mbali ya Kamuzu University of Health Sciences, mothandizana ndi University of Glasgow ya ku Scotland. Ndondomeko ya dziko lino ya umoyo wa m'kamwa idakhazikitsidwa mu 2022. Ntchito yambiri, makamaka m'maboma, imagwiridwa ndi ma dental therapist ophunzitsidwa ku Malawi College of Health Sciences. Odwala akachuluka akatswiri ali ochepa pamatseguka mpata, ndipo pampata pamenepo ndi pomwe amalowera anthu okhala ndi zida koma opanda mapepala.

Mapepala awiri a pakhoma

Lamulo lalikulu pankhaniyi ndi Medical Practitioners and Dentists Act la 1987, lomwe lidakhazikitsa bungwe la Medical Council of Malawi. Bungweli limalemba m'kaundula madokotala, madokotala a mano, ma dental therapist ndi ena ogwira ntchito zachipatala. Limayenderanso makiliniki omwe si aboma n'kuwapatsa chilolezo, ndipo limamva madandaulo n'kupereka chilango. Zindikirani kuti apa pali mapepala awiri osiyana. Lina ndi la munthu, loti uyu adaphunzira ndipo ali m'kaundula. Lina ndi la malo, loti muno ndi moyenera kuthandiziramo anthu. Dokotala weniweni akhoza kugwira ntchito pamalo opanda chilolezo, ndipo malo achilolezo akhoza kulemba ntchito munthu yemwe sali m'kaundula. Zonse ziwirizi ndi kuphwanya lamulo. Mapepalawa amathanso ntchito ndipo amafunika kuwakonzetsanso chaka ndi chaka, ndiye poyang'ana pakhoma muziona ndi deti lomwe, osangokopeka ndi felemu yokongola.

Kukhala m'kaundula sikutanthauza kuti munthu angachite chilichonse. Aliyense ali ndi malire a zomwe adaphunzira. Wothandizira dokotala, ngakhale ataona mano chikwi akuzulidwa, si wozula mano. Dental therapist ali ndi ntchito zake zomwe amazidziwa bwino, koma zilipo zina zofunika kutumiza kwa dokotala wa mano kapena kuchipatala chachikulu monga Kamuzu Central, Queen Elizabeth, Mzuzu Central kapena Zomba Central. Ine wachipatala yemwe amatha kunena kuti "izi si zanga, pitani uko" ndimamupatsa ulemu. Mlandu umakonda kuyambira pomwe munthu adachita manyazi kubweza kasitomala.

Tsopano ndilankhule ndi inu a pa TikTok ndi Facebook. Mawaya a mano, omwe ambiri timangoti ma braces, asanduka fashoni, ndipo pa intaneti mukuwaona anthu otsatsa kuti amawamata kusaluni kapena kunyumba pamtengo wozizira. Waya uja si ndolo ayi. Amakoka dzino, dzinolo n'kumasuntha mkati mwa fupa. Akamakoka mopanda muyeso, popanda kujambula kaye kuti aone mizu, mano amatha kuyamba kugwedera, nkhama n'kusiya mizu pamtunda, mizuyo n'kufupika, ndipo zina mwa izi sizikonzeka. N'chimodzimodzi ndi kuyeretsa mano ndi mankhwala amphamvu. Ku England khoti lalikulu lidagamula mu 2013 kuti kuyeretsa mano ndi ntchito ya udokotala wa mano, moti wa saluni akapezeka akuchita amazengedwa mlandu. Chikomekome cha mkuyu, abale, mkati muli nyerere. Munthu yemwe sali m'kaundula akakuwonongani pakamwa alibe chiphaso choti alandidwe. Amangosintha nambala ya foni basi.

Kusaina ndi kumvetsa

Thupi ndi la mwini wake. Dokotala asanagwire dzino lanu ayenera kukuuzani vuto lomwe wapeza, zomwe akufuna kuchita, njira zina zomwe zilipo, zoopsa zomwe zingachitike, ndi mtengo wake. Si dzino lililonse lobooka lomwe limafunika kuzula. Lina amalimata, lina amalichotsa kamtsempha ka mkati n'kulisiya pamalo pake. Wodwala yemwe sadauzidwe kuti njira zimenezi zilipo ndiye kuti adangosankhiridwa. Pozula dzino lakumapeto kwenikweni la m'munsi, lomwe limamera munthu atakula kale, pali mitsempha yodutsa pafupi yomwe ikakhudzidwa mlomo kapena lilime zimachita dzanzi kwa milungu kapena miyezi, mwa apo ndi apo mpaka kalekale. Zoterezi wodwala azimve asanabayidwe jakisoni, osati zitachitika kale.

Fomu ya Chingerezi yopatsa agogo osadziwa kuwerenga n'kuwauza kuti "dindani chala apa" ndi pepala chabe. Nkhani ikafika kukhoti, funso lalikulu limakhala loti kodi munthuyu adamvetsa zomwe ankavomerazo. Kiliniki yanzeru imakhala ndi fomu ya Chichewa, Chitumbuka kapena Chiyao malinga ndi dera, ndipo dokotala amalemba m'fayilo zomwe wafotokoza. Mwana wosakwana zaka 18 amafunika kholo kapena womuyang'anira avomereze, kupatula pangozi yofuna kupulumutsa moyo. Wodwala alinso ndi ufulu wosintha maganizo ali pampando pomwepo. Akakweza dzanja kuti imani, muime.

Chosalembedwa sichidachitike

Awa ndi mawu omwe anthu azachipatala amauzana okhaokha, ndipo ndi oona. Dandaulo limatha kubwera patapita chaka kapena kuposerapo, dokotala ataona anthu mazanamazana. Wodwala amakumbukira zonse poti pakamwa ndi pake, pomwe dokotala amadalira fayilo. Fayilo yabwino imakhala ndi deti, zomwe wodwala wabwera nazo, zomwe zapezeka, chithunzi cha X-ray ngati adajambulidwa, mankhwala omwe apatsidwa ndi mlingo wake, malangizo opita nawo kunyumba, ndi dzina la yemwe wagwira ntchitoyo.

Mafunso otopetsa a poyamba aja, oti kodi muli ndi shuga kapena BP, ndinu oyembekezera, mumamwa mankhwala anji, alipo omwe amakuwengani, ndi omwe amapulumutsa moyo. Munthu womwa warfarin, mankhwala oletsa magazi kuundana, akazulidwa dzino popanda kukonzekera akhoza kutaya magazi osaleka. Yemwe penicillin amamuwenga akapatsidwa amoxicillin akhoza kutupa kukhosi n'kubanika m'mphindi zochepa. Inu odwala musabise kanthu, ngakhale za ma ARV kapena mankhwala azitsamba. Inu a kiliniki muzifunsa ulendo uliwonse, ndipo adrenaline wosatha ntchito azikhala pafupi, aliyense akudziwa pomwe ali.

Mano amalembedwa ndi manambala. Pa njira yomwe madokotala ambiri amatsata, 36 ndi dzino lalikulu lotafunira la m'munsi kumanzere, pomwe 46 ndi linzake la kumanja. Nambala imodzi yolembedwa mothamanga, kapena chithunzi chogwiridwa motembenuza, dzino labwinobwino lapita, lopweteka lija latsala. N'chifukwa chake dokotala wosamala amakuuzani kuti muloze nokha dzinolo, amafananiza ndi zomwe zili m'fayilo, kenako n'kuyamba ntchito. Ndipo zikalakwika, choopsa kuposa cholakwikacho ndi kukonza fayilo mobisa. Cholakwa chimakambidwa, koma kufufuta umboni ndi chinyengo, ndipo chinyengo chimalanditsa chiphaso.

Kuchipinda komwe odwala salowa

Ntchito ya mano ndi ya magazi ndi malovu. Kachilombo ka hepatitis B, koyambitsa matenda a chiwindi, kamatha kukhala ndi moyo pa chida chouma kwa masiku 7 kapena kuposa. Kutsuka ndi sopo kapena kupukuta ndi spirit sikokwanira. Zida zimayenera kutsukidwa, kenako kuphikidwa m'makina otchedwa autoclave, omwe amapha tizilombo ndi nthunzi yotentha madigiri 134 kwa mphindi zosachepera 3, kapena 121 kwa mphindi zosachepera 15. Kwathu kuno palinso vuto la magetsi. Akazima makinawo ali pakati pa ntchito, zidazo sizinapse, ziyambirenso. Apa ndi pomwe mwini kiliniki amayesedwa, panja pali mzere wa anthu, jenereta ilibe mafuta. Kabuku kolembamo ulendo uliwonse womwe makina aphika, nthawi, katenthedwe ndi dzina la woyendetsa, ndi umboni womwe kiliniki ingaonetse wina akadzati matenda ake adawatengera pamenepo.

Musaganize kuti kulekerera kotere n'kwa mayiko osauka okha. Mu 2014 ku Nottinghamshire, ku England, anthu pafupifupi 22,000 adaitanidwa kuti akayezetse magazi dokotala wina wa mano atajambulidwa mobisa akuthandiza odwala osasamba m'manja komanso osasintha magolovesi. Mu 2016 adachotsedwa m'kaundula. Taganizirani anthu onsewo akudikira zotsatira mtima uli m'mwamba, chifukwa cha sopo ndi magolovesi.

Inu odwala muli ndi maso. Magolovesi avalidwe inu mukuona, singano itsegulidwe m'paketi yake, zida zichokere kophikira osati pa tebulo pomwe zatsala atatuluka mnzanu uja. Singano zogwiritsidwa kale ntchito zimaponyedwa m'bokosi lake lapadera, osati m'bini wamba momwe ana otola mabotolo angazipeze. Ogwira ntchito nawonso ndi anthu. Ayenera kulandira katemera wa hepatitis B, ndipo yemwe wabayidwa ndi singano mwangozi aunikidwe nthawi yomweyo. Ngati kuli kofunika, ayambe mankhwala oteteza ku HIV a PEP maola 72 asanadutse, n'kumwa masiku 28. Ngati mukugwira ntchito pa kiliniki ndipo simukudziwa komwe mungathamangire zoterezi zitakuchitikirani Loweruka madzulo, afunseni abwana mawa lomwe.

Foni ya m'thumba la yunifolomu

Chiopsezo chatsopano tikuyenda nacho m'thumba. Zithunzi zoonetsa mano asanakonzedwe ndi atakonzedwa zimakoka makasitomala pa Facebook ndi Instagram, koma pakamwa pomwe pajambulidwapo pali mwini wake. Kuvomera kuzulidwa dzino si kuvomera kuikidwa pa status. Chilolezo cha chithunzi chimapemphedwa pachokha, cholembedwa, ndipo wokana asaoneke ngati wovuta. Gawo 21 la malamulo oyendetsera dziko lino limateteza chinsinsi cha munthu, ndipo mu 2024 kudabwera lamulo la Data Protection Act, lomwe likuyang'aniridwa ndi bungwe la MACRA. Pa lamuloli, nkhani za umoyo wa munthu zili m'gulu la zofunika kuzisamala mwapadera. Lamulo la HIV ndi Edzi la 2018 nalonso limaletsa kuulula momwe magazi a munthu alili popanda chilolezo chake, komanso kumusala. Kubweza wodwala chifukwa wanena kuti ali pa ma ARV ndi tsankho, komanso n'kupanda nzeru, chifukwa kiliniki yotsata ndondomeko imasamala zida mofanana kwa aliyense wokhala pampandopo.

Inu olandira alendo, apa ndi panu. Kufuula pagulu kuti "mayi a shuga aja alowe", kusiya fayilo yotsegula pa kauntala, kutumiza chithunzi cha fayilo pa gulu la WhatsApp, kapena kunong'oneza mnzanu kuti bwana wakutiwakuti mano awo ndi oikirira, zonsezi ndi kuulula chinsinsi. Woyankha mlandu ndi mwini kiliniki, koma woyamba kuchotsedwa ntchito ndi inu. Kompyuta ikhale ndi password, kabati ya mafayilo ikhale ndi loko.

Potsatsa malonda pewani malonjezo ngati "simumva kuwawa ngakhale pang'ono" kapena "mano oyera mpaka kalekale". Lonjezo lotere wodwala amalisunga pa screenshot, ndipo bungwe la Competition and Fair Trading Commission limalandira madandaulo a anthu omwe anamizidwa ndi otsatsa malonda.

Kwa olota kutsegula kiliniki

Walira mvula walira matope. Makina a X-ray amatulutsa cheza chomwe chikachuluka chimawononga thupi, ndiye amafuna chilolezo cha Atomic Energy Regulatory Authority, bungwe lomwe lidabwera ndi lamulo la 2011. Mankhwala, kuphatikizapo ochititsa dzanzi, muzigula kwa ogulitsa ovomerezedwa ndi Pharmacy and Medicines Regulatory Authority, osati kwa munthu wachikwama wobwera nawo madzulo pamtengo wotsika. Mankhwala a boma akapezeka m'kabati mwanu, nkhaniyo yasanduka ya apolisi. Pali kulembetsa bizinesi, msonkho wa MRA, makontirakiti a antchito, ndi penshoni yawo, yomwe lamulo limati bwana aziika zosachepera K10 pa K100 iliyonse ya malipiro, wantchito K5. Palinso inshulansi yoteteza dokotala akasumiridwa, yomwe imaoneka ngati kutaya ndalama mpaka tsiku lomwe kalata ya loya yafika.

Pa ndalama, mtengo unenedwe ntchito isanayambe ndipo risiti iperekedwe. Kwa omwe ali pa sikimu ya zachipatala monga MASM, pali kamchitidwe kooneka ngati kuthandizana: kugwiritsa ntchito khadi la alamu, kapena kupempha kiliniki kuti ilembe zoti yamata mano pomwe yangowayeretsa. Dzina lake ndi chinyengo, ndipo chimagwetsa wopempha ndi wolemba yemwe. Choipa china n'choti fayilo ya alamu anuwo imatsala ikunena kuti dzino lomwe ali nalo m'kamwa lidazulidwa kalekale.

Zinthu zikavuta

Dokotala angasamale bwanji, tsiku lina chinthu chidzalakwika. Muzu umathyoka, bala limatukusira, chomatira chimagwa. Si vuto lililonse lomwe ndi mlandu. Lamulo limafunsa ngati wothandizayo adachita zomwe katswiri wosamala wa maphunziro ngati ake akadachita, komanso ngati kulephera kwakeko ndi komwe kwabweretsa vutolo. Kwa a kiliniki langizo langa ndi ili: muuzeni wodwala zoona tsiku lomwelo, lembani m'fayilo, konzani kapena mutumizeni kwa yemwe angakonze, ndipo akaimba foni muziyankha. Ululu munthu amatha kuupirira, koma kunyozedwa ndi komwe kumamudzutsa m'mawa kukasaka loya. Wodwala akakulembani zoipa pa Facebook, musamuyankhe ndi za m'fayilo mwake. Mukatero mwadziwonjezera mlandu wachiwiri.

Inu odwala yambani ndi kiliniki yomweyo, ndipo dandaulo lanu likhale lolembedwa. Sungani risiti, buku lanu lachipatala, mapaketi a mankhwala ndi zithunzi zokhala ndi deti. Pemphani kope la zomwe zili m'fayilo yanu. Ngati simukukhutira, pitani ku Medical Council of Malawi. M'zipatala za boma mulinso ombudsman wa pachipatala womva madandaulo. Ofuna chipepeso njira yake ndi ya kukhoti, ndipo omwe alibe ndalama ya loya akhoza kukafunsa ku Legal Aid Bureau. Musachedwe, chifukwa milandu yotere ili ndi malire a nthawi. Kutukwana pa intaneti kumaziziritsa mtima kwa ola limodzi, koma mukanena zomwe simungathe kuzitsimikiza, wosumiridwa mukhala inuyo.

Ndikudziwa ena mukuti kusankha kiliniki n'kwa a ndalama, ife dzino likawawa timangopita komwe kulipo. Zoona zimenezo, ndipo mpaka akatswiri atachuluka ambiri tizipitabe komwe kulipoko. Koma kufunsa salipiritsa. Musanagone pampando paja, funsani mwaulemu mafunso anayi awa. Kodi ndinu ndani pa ntchitoyi? Ilipo njira ina kupatula kuzula? Chingavute n'chiyani? Zonse pamodzi ndi ndalama zingati? Katswiri weniweni sakwiya ndi mafunso amenewa, chifukwa amadziwa kuti wodwala womvetsa ndi amene sadzamuvuta mtsogolo. Yemwe wakwiya nawo wakuyankhani kale, nyamukani. Safunsa adadya phula, ndipo mano 32 a munthu wamkulu alibe sipeya.

Tikumane sabata yamawa.